MBIRI YA HENRY HAVELOCK, KAZEMBE WA NKHONDO, 1795–1857

Abale, mbiri imene tilemba pano ndi ya munthu amene anakhala msilikari zaka 42, naphunzira nzeru za nkhondo masiku onsewo, koma sanapatsidwa khamu lakulitsogolera yekha kufikira imvi zitayera mbuu, itatsala miyezi 5 yokha kuti amwalire. Dzina lace ndiye Henry Havelock. Kale m'mipingo ya ku Mangalande ana a Sande Sukulu analidziwa bwino dzinali. Lero ambiri aliiwala, ndipo ku India, kumene anagwira nchito yace, alikumbuka ndi mtima wina.

Anabadwa pa 5 Epulo 1795 ku Bishopwearmouth, dera la mzinda wa Sunderland, kumpoto kwa Mangalande. Atate wace anali mwini nchito yomanga zombo, wacuma ndithu, ndipo anamtumiza ku sukulu yomveka ya Charterhouse. Amace anafuna kuti akhale wodziwa malamulo, wonenera anthu milandu, ndipo atamwalira iwo, mnyamatayo analowadi maphunziro amenewo ku London m'caka ca 1813. Koma ndarama za kwa atate zinaleka kufika, ndipo Henry anatsala wopanda njira. Mkuru wace William, amene anamenya nao nkhondo ya ku Waterloo, ndiye anampezera malo a ofisala wamng'ono m'gulu la 95, pa 30 Julai 1815. Cotero analowa usilikari patapita masabata 6 cithere nkhondo yaikuru ija, Napoleon atagonja kale. Wina akadati mnyamatayo wafika kumaliro manda atafotsera.

Zaka pafupifupi 8 anazithera m'misasa ya kwao, kopanda nkhondo. Maofisala ambiri a masiku amenewo anataya nthawi yao ndi njuga, mowa ndi kusaka nyama. Iye, atalimbikitsidwa ndi kapiteni wace Harry Smith, amene anaona nkhondo zambiri ku Spain, anayamba kuwerenga mbiri za nkhondo zakale ndi zatsopano. Tisayese kuti phunziro ili ndilo kuloweza maina a mafumu ndi zaka zao, iai. Wophunzira nkhondo atenga nkhondo imodzi, nayala mapu ace, nafunsa: mtsinje unali kuti, ndi phiri linali kuti? Kazembe uyu anali nao anthu angati, nanga cakudya cao cinadzera njira iti? Anakanthiranji dzanja lamanzere, osati pakati? Akadacedwa tsiku limodzi, cikadaoneka nciani? Havelock anacita cotero ndi nkhondo imodzi imodzi, kufikira anakhoza kuzilongosola pamtima monga mkuru wa mpingo alongosola maulendo a Paulo.

Poona kuti kwao kulibe mwai wa kukwera, analowa gulu la 13, limene linalinkupita ku India; ndipo asananyamuke anaphunzira Cihindustani ndi Ciperisiya. Ananyamuka m'Januwale 1823. M'combo momwemo anakomana ndi ofisala mnzace, James Gardner, amene anawerenga naye Malembo, ndipo cikhulupiriro ca ubwana wace, cimene cinali citazirala, cinayakanso. M'caka ca 1824 anapita ku nkhondo ya ku Burma. Ku Rangoon anasonkhanitsa asilikari m'cipinda ca kacisi wamkuru wa Abuda, wochedwa Shwedagon, nawaphunzitsa Mau ndi kuyimba nao nyimbo. Anzao anawapatsa dzina lacipongwe lakuti oyera mtima a Havelock. Koma asimba kuti usiku wina, adani atadza modzidzimutsa, gulu loyenera kuturuka linapezeka ambiri ataledzera, ndipo kazembe anaitana oyera mtima aja, popeza iwo anali maso. Sitibisa kuti kacisiyo anali malo opatulika a eni dziko, olandidwa ndi nkhondo.

Atabwerera ku India anazolowera kuceza ku Serampore, pa mishoni ya William Carey ndi Joshua Marshman, pafupi ndi Calcutta. Kumeneko anasindikiza buku lace loyamba, la nkhondo ya ku Burma, m'caka ca 1828, m'mene anaonetsa poyera zolakwa za akuru ace. Bukulo linampezera adani koposa ndarama. Pa 9 Febuluwale 1829 anakwatira Hannah, mwana wamkazi wa Marshman, ndipo caka cotsatira anabatizidwa, nalowa mpingo wa Baptist. Mwambo wace unali kuuka maora 2 usanayambe ulendo wa tsikulo, kuti awerenge ndi kupemphera: ulendo ukakhala wa 6 koloko, iye anauka 4 koloko. Anayambitsanso m'gulu lace bungwe la odziletsa zakumwa zaukali.

Apa tiyenera kufotokoza mwambo umene udzadabwitsa owerenga. M'masiku amenewo udindo m'magulu a nkhondo a Angelezi unagulidwa ndi ndarama monga agula ng'ombe. Malo a kapiteni akatseguka, anawatenga lefutenanti woyamba pamzere amene anali nazo ndarama zolipira, ndipo wosauka anangoyang'ana, angakhale adziwe nchito koposa onse. Mwambo umenewu unathetsedwa m'caka ca 1871. Havelock analibe ndarama. Olowa usilikari m'mbuyo mwace anampitirira mmodzi mmodzi, ndipo iye mwini anadandaula kuti ena a iwo anali zidakwa ndi zitsiru. Pamene dzina lace linachulidwa pa nchito ya ajutanti, ndiye woyang'anira makalata ndi mwambo wa gulu, maofisala ena anamnenera kwa Bwanamkubwa, Lord William Bentinck, cifukwa ca kulalikira kwace. Bentinck anaitanitsa mabuku a milandu, napeza kuti anthu a Havelock ndiwo osaledzera ndi osalangidwa kawirikawiri, nampatsa nchitoyo m'caka ca 1835. Koma ukapiteni anaupeza m'caka ca 1838, ali ndi zaka 43, atatumikira zaka 23. Pakati pa zaka ziwirizi nyumba yao ya ku Landour inapsa usiku, mwana wao wamkazi wakhanda nafa, ndi Hannah anapsa koopsa, napulumuka mobvutika.

Phunziro lace linayamba kuoneka phindu ku Afghanistan. Angelezi analowa m'dzikomo m'caka ca 1839 kukakhazika mfumu ya kufuna kwao, Shah Shuja, ndipo eni dziko anawaukira m'caka ca 1841. Havelock anali womasulira Ciperisiya wa kazembe Elphinstone ku Kabul, koma anatsagana ndi gulu la Robert Sale, limene linadzitsekera m'linga la Jalalabad. Khamu lotsala ku Kabul, asilikari ngati 4,500 ndi owatsata ngati 12,000, linapangana ndi adani kuti licoke mwamtendere, nilinyamuka pa 6 Januwale 1842. Linathera m'mipata ya mapiri m'cisanu coopsa, ndipo pa 13 Januwale alonda a palinga anaona Mzungu mmodzi yekha, dotolo William Brydon, alikudza pa kavalo wolefuka. Angakhale ataona izi, Sale ndi akuru ambiri anafuna kupangana ndi adani omwewo kuti aturuke. George Broadfoot anakana kolimba pabwalo la upo, ndipo Havelock anamcirikiza kufikira upo unatembenuka. Pa 19 Febuluwale cibvomezi cinagwetsa malinga amene anawakonza miyezi 3, anawamanganso. Pa 7 Epulo anaturuka m'magulu 3, Havelock alikutsogolera la kudzanja lamanja, nabalalitsa khamu la Akbar Khan cithandizo cisanafike.

Za zaka 15 zotsatira tidzanena mwacidule. Anamenya nao nkhondo ya ku Gwalior m'caka ca 1843, ndi ya Asikh m'zaka za 1845 ndi 1846, m'mene anafera bwenzi lace Broadfoot. Mkuru wace William anaphedwa ku Ramnagar m'caka ca 1848. Thupi litafoka, anapita kwao kukapumula m'caka ca 1849. Ndipo pobwerera ku India m'caka ca 1851 anasiya mkazi wace ku Bonn, m'dziko la Germany. Sanaonananso. Anakwera pang'ono pang'ono, koma makamaka pa nchito za m'ofesi, zolemba malamulo a ena. Poyamba pa caka ca 1857 anatsogolera gawo la khamu la James Outram ku Persia, koma mtendere unapanganika nkhondo isanakule.

M'mwezi wa Mei caka comweco India anayaka moto. Dzikolo linalamulidwa ndi kampani ya malonda ya Angelezi, East India Company, ndipo asilikari ace ocuruka anali eni dziko, Ahindu ndi Asilamu. Cimene cinayatsa moto ndico timapepala ta onga ndi cipolopolo ta mfuti yatsopano, timene msilikari anayenera kuluma ndi mano. Pakuti kunamveka kuti tinapakidwa mafuta a ng'ombe, yopatulika kwa Ahindu, ndi a nkhumba, yonyansa kwa Asilamu. Koma nkhuni zinali zitaunjikidwa kale. Kampani inalanda maufumu ambiri, ndipo m'caka ca 1856 inalanda Awadh, kwao kwa asilikari ambiri, nicotsa mfumu yace. Anthu anaopanso kuti Boma lifuna kuwatembenuza mokakamiza. Ife amene tigwira nchito ya kulalikira tiyenera kumva ici, kuti maofisala ena amene analalikira kwa asilikari Acimwenye a pansi pao anakuza mantha amenewo, pakuti wapansi sakhoza kusiyanitsa uthenga ndi lamulo pamene zonse zituruka pakamwa pamodzi. Pa 10 Mei asilikari a ku Meerut anaukira akuru ao, napita ku Delhi. Angelezi anacicha cipanduko. Ambiri ku India lero aicha nkhondo yoyamba ya ufulu wao.

Havelock anafika ku Calcutta pa 17 Juni, combo cimene anakwera poyamba citasweka pa gombe la Ceylon. Anampatsa khamu laling'ono kuti akalanditse Angelezi ozingidwa ku Cawnpore, mzinda umene lero ulembedwa Kanpur, ndi ku Lucknow. Anali ndi zaka 62, munthu wamfupi, woonda, wa tsitsi loyera, ndipo ena anamseka kuti ndiye nkhalamba yotha nchito. Ananyamuka ku Allahabad pa 7 Julai, nyengo ya mvula ndi dzuwa lakupha, ndi anthu osafika 2,000, pamodzi ndi gulu limene linatsogola. Pa 12 Julai anakomana ndi adani ku Fatehpur, nawabalalitsa ndi mizinga ndi mfuti zatsopano zija, zoponya patali. Nalembera mkazi wace kuti pemphero la ubwana wace, lakuti adzatsogolere nkhondo ndi kupambana, layankhidwa. Pa 15 Julai anapambana kawiri, ku Aong ndi pa ulalo wa Pandu Nadi, umene anaulanda adani asanaugumule.

Tsiku lotsatira ndilo limene mabuku anabala cipatso cao poyera. Kunja kwa Cawnpore, Nana Sahib, mtsogoleri wa oukira kumeneko, anandandika anthu ngati 5,000 mopingasa mseu, ndi mizinga yace yolunjika pamphambano pamene Angelezi anayenera kudzera. Kulowa pamaso pace kukadakhala kudziponya m'kamwa mwa ng'ona. Tsono zaka 100 m'mbuyomo, pa 5 Disembala 1757, Frederick mfumu ya Prussia anakomana ndi khamu la Austria, loposa lace pafupifupi kawiri, pa mudzi wa Leuthen. Iye anaonetsa apakavalo owerengeka ku mbali imodzi, kuti adani ayese kuti nkhondo idzera komweko, nayendetsa khamu lonse kuseri kwa zitunda, naligwetsa pa nsonga ya dzanja lao lamanzere. Mzere wautali uli wamphamvu kumaso, koma kunsonga kwace kuli anthu ocepa okha, ndipo anzao sakhoza kuwathandiza msanga. Wougwira kunsonga aupinda monga apinda mphasa. Havelock anaidziwa bwino nkhondo imeneyi. Anaitana akuru a magulu, nalemba mzere wa adani m'pfumbi, nawaonetsa njira. Apakavalo ace, osafika 20, anapitirira pamseu poyera. Khamu lonse linapatukira kulamanja, kuseri kwa minda ya mango, nilituruka pa nsonga ya kumanzere kwa Nana Sahib. Nkhondo sinatha pomwepo. Ng'ombe zokoka mizinga ya Havelock zinalefuka, ndipo asilikari a ku Scotland a gulu la 78, ndi anzao a gulu la 64, analanda mizinga ya adani ndi mipeni ya kumfuti, kufikira dzuwa linalowa. Koma anapambana. Anali atayenda mamailosi 126 m'masiku 9, namenya nkhondo 4.

Analowa m'mzinda m'mawa mwace, napeza kuti acedwa. Amuna a m'linga la Cawnpore anali ataphedwa padooko la mtsinje wa Ganges pa 27 Juni, atalonjezedwa ulendo wamtendere. Ndipo akazi ndi ana ngati 200 amene anatsala anaphedwa pa 15 Julai m'nyumba yochedwa Bibighar, mitembo yao niponyedwa m'citsime. Kubwezera nako kunali koopsa, ndipo kunayamba izi zisanacitike: kazembe James Neill ndi anthu ace anali atatentha midzi ya ku dera la Allahabad ndi kupacika anthu m'mitengo, osafunsa bwino wolakwa ndani. Neill, atasiyidwa kusunga Cawnpore, anakakamiza ogwidwa kupukuta mwazi wa m'nyumba ija, ena ndi lilime, asanawapacike. Havelock analetsa kufunkha, nalamula kuti Boma ligule mowa wonse wa m'mzinda, asilikari asaufike. Koma Neill sanaletsedwa, ndipo m'khamu la Havelock lomwe ogwidwa ena anamangidwa pakamwa pa mzinga. Olemba mbiri yace akale anapita msanga pa tsamba ili. Ife sitikhoza kutero, pakuti munthu wouka 4 koloko kuwerenga Uthenga anadziwa cimene unena za adani.

Kunatsala Lucknow, mamailosi ngati 50 tsidya lija la Ganges, kumene anthu ngati 3,000, asilikari Acingelezi ndi Acimwenye okhulupirika kwa iwo, pamodzi ndi akazi ndi ana, anazingidwa m'nyumba za Boma kuyambira kumapeto kwa Juni. Havelock anaoloka ndi anthu ngati 1,500, napambana kawiri pa 29 Julai, ku Unnao ndi ku Bashiratganj. Pamenepo anakhala pansi, nawerenga. Nkhondo ndi kolera zinali zitamcotsera munthu mmodzi mwa 6 ali onse. Gawo limodzi la magawo 3 a zipolopolo za mizinga linali litatha. Kusiya odwala m'njira ndi alonda ao kukadacepsanso khamu. Ndipo sanafika ndi pakati pomwe pa ulendo. Patsogolo panali mtsinje wina, ndi mzinda waukuru wa makwalala opapatiza. Anaona kuti akapitirira adzafika pacipata ca Lucknow ndi mazana owerengeka, nadzathera pomwepo, ndipo ozingidwa aja sadzakhalanso ndi wina wakumyembekeza. Analamula kubwerera.

Tiyesa kuti ici ndico cacikuru koposa cimene anacita m'usilikari wace wonse. Taganizani, abale: munthu wayembekeza zaka 42, wapambana nkhondo 6 zotsatana, asilikari ace apsa mtima ndi zimene anaona pacitsime cija, ndipo iye awauza kuti atembenuke, adani alikuona. Asilikari anang'ung'udza. Neill anamlembera kalata yomdzudzula ngati mwana, ndipo Havelock anamyankha kolimba kuti safuna uphungu wa wapansi pace, ndi kuti cimene cimletsa kummanga ndico kuopa kuononga nchito ya Boma. Anayesanso pa 5 Ogasiti, napambana pa Bashiratganj pomwe paja, nabwereranso. Pa 12 anakankha adani amene anamtsata, pa 13 anaolokanso Ganges, ndi pa 16 anagonjetsa khamu limene linasonkhana ku Bithur kuopseza Cawnpore. Kulimba mtima kwa kupita patsogolo anali nako ambiri m'khamu limenelo, ndi Neill yemwe. Koma kuwerenga anthu, zipolopolo ndi mamailosi, mtima uli m'malo, pamene onse apfuula kuti tiyeni, kumeneko kunacokera m'zaka zija za mapu ndi mabuku.

Mphotho yace yoyamba inali kumva kuti Outram waikidwa pamwamba pace. Koma Outram, atafika ndi magulu atsopano pakati pa Sepitembala, anacita cinthu cosaoneka kawirikawiri: analengeza kuti adzatsagana naye monga wodzipereka wamba, ulemu wa kulanditsa Lucknow ukhale wa Havelock. Kukoma mtima kumeneku kunali ndi bvuto lace, pakuti khamu linakhala ngati la mitu iwiri. Pa 25 Sepitembala, atalowa m'mzinda ndi kuyandikira nyumba zozingidwa, dzuwa litapendeka, Outram anapangira kuti aime, adikire mizinga ndi obvulala otsalira m'mbuyo. Havelock anakana, nalamula kudzera m'makwalala, m'mene adani anaombera kucokera pamatsindwi ndi m'mazenera mbali zonse ziwiri. Analowa usiku womwewo, patatha masiku 87 a kuzingidwa. Koma mwa anthu ngati 2,000 anataya oposa 500, akufa ndi obvulala, Neill mmodzi wa akufawo, ndipo obvulala ena otsalira m'mbuyo anaphedwa m'macila ao. Kwa ife kuoneka ngati madzulo amenewo munthu wowerenga uja analeka kuwerenga, poona cipata ciri pafupi. Ndiponso sanakhoza kuturutsa ozingidwa. Anazingidwa nao pamodzi masabata ena oposa 7.

Colin Campbell anafika ndi khamu lalikuru, nakomana ndi Havelock ndi Outram pa 17 Novembala, nayamba kuturutsa anthu onse. M'masiku omwewo Havelock anamva kuti Mfumukazi Victoria yampatsa ulemu wa kuchedwa Sir. M'masiku omwewonso anagwidwa ndi kamwazi. Anamnyamula kunka naye ku munda wa Dilkusha, kunja kwa mzinda, kumene mwana wace Henry, ali wobvulala iye yemwe, anamdwazika m'hema. Anauza Outram kuti kwa zaka 40 anakonza moyo wace kuti imfa ikadza akomane nayo wopanda mantha. Anamwalira pa 24 Novembala 1857. Khamu linali paulendo, ndipo anamuika m'munda wa Alambagh, nasalaza manda kuti adani asawazindikire, nalemba cilembo H pa khungwa la mtengo wa mango umene unali pomwepo.

Ku London, uthenga wa imfa usanafike, anampatsa ulemu winanso pa 26 Novembala, umene pambuyo pace unapita kwa mwana wace. Ndi Nyumba ya Malamulo inapatsa Hannah mapaundi 1,000 caka ndi caka. Cifanizo cace camkuwa anaciimika pa Trafalgar Square m'caka ca 1861, ndipo miseu ndi midzi yambiri, kufikira ku New Zealand, inachedwa dzina lace. Kampani ija inacotsedwa paulamuliro m'caka ca 1858, ndi India analandira ufulu wace m'caka ca 1947. Cisumbu cina ca Andaman cimene cinachedwa Havelock, Boma la India linacicha Swaraj Dweep m'caka ca 2018, ndiko kunena Cisumbu ca Kudzilamulira. Manda ace a ku Alambagh, amene a m'banja lace anawaikira mwala wautali, tsopano ali pakati pa nyumba za mzinda wa Lucknow.